Lole ya Mphenzi ndi Mwendo wa a Makwinja

Ana inu, musamaganize kuti mwambi uliwonse unabadwa nthawi ya nyanda ndi mauta. Ina inabadwa dzanadzanali, anthu atayamba kale kuvala nsapato ndi kutukwana oyimbira mpira. Umene ndikuuzeniwu unabadwira kwa Chinkhwende, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kumene tiyi amamera mpaka pakhomo pa chimbudzi. Wina akakutsutsani, muuzeni akafunse yekha kumeneko. Ulendo wake ndi wautali, adzatopa asanafike.

Kwa Chinkhwende kunali esiteti ya tiyi, ndipo esitetiyo inali ndi timu ya mpira dzina lake Mphenzi. Pa dzina anyamata a timuyi anali antchito a esiteti, koma tsamba la tiyi ankangolidziwa likakhala m'kapu. Ntchito yawo inali mpira basi. Esiteti inkawapatsa nyumba za malata, chakudya, nsapato, mpaka sopo wosambira. Anzawo akamalawirira kumunda ndi madengu kumsana, iwo amakhala akutembenuka pabedi, akudandaula kuti tambala akuwasokosera.

Mukanawaona akulowa mumsika. Ankayenda manja ali tang'a, ngati m'khwapa muli zithupsa, khosi lili gwa, mwendo uliwonse ukupepesa nthaka usanaiponde. Akafika pa mayi wogulitsa mandasi sankafunsa mtengo. Mnyamata ankangokweza phazi n'kuliika pa benchi.

"Mayi, mwendo uwu ndi umene unagoletsa Loweruka lija. Ukuti uli ndi njala."

Mayi uja ankapereka, mano ali poyera, mtima ukulira. M'basi agogo ankanyamuka kuti mnyamata wa Mphenzi akhale, poti bondo lake linali la mudzi wonse. Kuchipatala munthu wa malungo ankadikira kuti wa Mphenzi amangidwe kaye kachala.

Tambala wa onsewa anali kaputeni wawo, Binwelo, wogoletsa zigoli. Uyu akamenya mpira, goloboyi wanzeru ankayamba watsanzika abale ake. Tsiku lina mpira wake unaboola ukonde, unadutsa dimba la nzimbe, n'kukapha nkhuku mudzi wachiwiri, ndipo mwini nkhukuyo anaiphika n'kubwera nayo kudzathokoza. Binwelo sankati "ine" ngati anthu ena. Ankadzitchula dzina ngati akunena za mfumu yakutali.

"Binwelo sapempha," ankatero, akutola nanazi pa mulu wa munthu. "Binwelo amalandira."

Pagolo pankaima Lufeyo, mnyamata wamtali ngati mlongoti, wosalankhulalankhula. Anali mwana mmodzi yekha wa a Makwinja ndi akazi awo a Nachisale. A Makwinja anathyola tiyi mpaka msana unapindika, kenako anayamba kugulitsa nthochi pa njinga. Lufeyo atapatsidwa nyumba ya esiteti anatenga makolo ake kukakhala nawo, ndipo a Nachisale kwa nthawi yoyamba anagona osatchera mbale pansi pa denga mvula ikamagwa.

Tsono timuyi inali ndi mwambo wake, ndipo mwambowo unayambira pa Lufeyo yemweyo. Chaka chake choyamba, pa mpira waukulu, kampira kofooka, koti ngakhale kamwana kokwawa kakanakagwira, kanamudutsa pakati pa miyendo. Mphenzi inagonja. Masapota anazinga kanyumba kovulira atanyamula miyala, ena njerwa, mayi wina mpaka munsi.

"Tipatseni goloboyi. Enanu mupite, tikufuna goloboyi yekha."

Lufeyo anali atabisala pansi pa benchi. Pamenepo Binwelo anatsegula chitseko n'kuima pakhomo chifuwa chili pamtunda.

"Mukufuna amene wagonjetsa timu? Ndine."

Wina anatuluka pambuyo pake. "Ndine." Winanso, "Ndine." Anatuluka onse, mpaka amene sanasewere n'komwe. Anthu aja anayang'anana, miyala inayamba kulemera m'manja, wina anaseka, basi gulu linabalalika. Lufeyo analira ngati mwana tsiku limenelo, ndipo Binwelo anamupukuta misozi ndi jezi yake. Kuyambira pamenepo linakhala lamulo: wa Mphenzi salakwa yekha.

Unali mwambo wokoma, sindikana. Koma ngakhale thobwa likagonera limasanduka china. Galasi la kumalo omwera mowa likasweka, mwini wake akafunsa, timu yonse inkati ndine. Mbuzi ya munthu ikapezeka ili m'poto wa kukampu, ndine, ndine, ndine. Oyimbira wina anachoka pabwalo diso lili ngati peyala, ndipo akuluakulu a mpira atafunsa, anapeza kuti diso limodzi lamenyedwa ndi anthu onsewo. Nanga timu yonse mungaichotse ntchito? Ndiye Loweruka asewera ndani, makalaliki?

Chaka chimene ndikunenachi Mphenzi inali pafupi kutenga chikho cha chigawo chonse. Anakawina mpira wovuta kwa eni ake, n'kutsala ndi umodzi wokha, wotsiriza. Pobwerera anakwera lole ya esiteti, ataimangirira nthambi ndi mbendera mpaka galasi lakutsogolo linangotsala ndi kampata ngati ka diso la nkhuku. Panjira anaima pomwera mowa, ndipo eni mowa anawapatsa waulere. Dzuwa likupendeka, Binwelo anatuluka akudzandira n'kupita kwa dalaivala, a Mulewa.

"Madala, lero Binwelo ayendetsa."

"A kaputeni, galimoto si mpira. Simunaphunzire."

"Binwelo anaphunzira kuti kugoletsa?"

Anyamata anaseka. Anawanyamula a Mulewa ngati thumba la chimanga, anawagoneka kumbuyo, anawafunditsa mbendera n'kuwakhalira. Lole inadumpha ngati chule, inatsokomola, kenako inauyatsa ulendo. Lufeyo anali kumbuyo komweko, akumenya chitsulo ndi zikhatho, akuimba ndi anzake.

Pamtsetse wotsikira ku mlatho wa Chinkhwende lole inakhotera kumbali, ndipo onse anamva ikugunda chinthu n'kuchikwera.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa wina.

"Mbuzi," anakuwa Binwelo ali kutsogolo. "Idzatilipire yokha. Imbani."

Anaimba. Fumbi linatseka kumbuyo, ndipo palibe anatembenuka.

Lufeyo atafika kunyumba m'bandakucha, chikondwerero chitatha, anapeza chitseko chili pululu, moto utazima. Mayi woyandikana nawo nyumba ndiye anamuuza kuti athamangire kuchipatala. Kumeneko anapeza bambo ake atagona, nkhope yatuwa ngati phulusa, ndipo bulangete linali lathyathyathya pamene pankayenera kukhala mwendo wamanzere. Madokotala anali ataudula pamwamba pa bondo. A Nachisale anakhala pansi pambali pa bedi, manja ali pamiyendo.

A Makwinja anatsegula maso. "Lufeyo, mwawina?"

"Tawina, bambo."

"Ndinadziwa. Ndinamva nyimbo yanu muli kumtunda. Ndiye ndinatsika panjinga, ndinaima m'mbali kuti ndikukwezereni dzanja."

Lufeyo anagwira chitsulo cha bedi. A Nachisale sanakweze mawu.

"Ankayendetsa ndani?"

"Ine ndinali kumbuyo, amayi."

"Sindinafunse kumene unali."

Lufeyo anayang'ana pansi. Mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuka n'kukonza bulangete la amuna awo.

Chimene a Nachisale ankafuna sichinali chachikulu. Ankafuna dzina limodzi, kuti munthuyo akaime pamaso pa khoti ndi pamaso pa amuna awo. Anapita kupolisi. Sajeni wa kumeneko, amene pakhoma pa ofesi yake panali chithunzi cha Mphenzi, anakanda m'mutu n'kunena kuti nkhaniyi ndi yofunika kuifatsira. A Nachisale anabweranso m'mawa mwake, ndi mkuja wake, mpaka sajeni anaona kuti mayiyu sadzatopa. Sajeniyo anagwirizana ndi wapampando wa timu, a Thombozi, kuti anyamata onse afunsidwe mu holo ya esiteti, mayiyo ali pomwepo.

Tsikulo lisanafike, Binwelo anamupeza Lufeyo kuseri kwa golo atakhala yekha. Anakhala naye pansi n'kumukoleka mkono pakhosi.

"Amwene, madala aja ndi bambo athu tonse. Binwelo sakugona nazo. Tikangotenga chikho tiwagulira njinga ya olumala, yonyezimira, ya belu."

"Anatsika kuti atikwezere dzanja," anatero Lufeyo.

"Ndamva, amwene, ndamva. Koma tandiuza, Binwelo akalowa m'ndende mwendo umera? Sumera. Chikho chipita, timu itha, esiteti itenga nyumba zake. Amayi abwerera kotchera mbale, ndi munthu wa mwendo umodzi." Anamugwedeza phewa. "Miyala ija ukuikumbukira? Ndani anatsegula chitseko?"

Binwelo ananyamuka, anasasa fumbi pa kabudula, n'kumapita akuimba mluzu.

Tsiku la mlandu holo inadzaza, ndipo panja masapota anabwera ndi ng'oma zawo ngati kuli mpira. A Thombozi anakhala kutsogolo, mimba ili patebulo, pambali pawo sajeni. A Nachisale anakana mpando, anakhala pansi. Anyamata analowa mondondozana, onse atameta mpala, onse atavala jezi za timu, n'kukhala pa benchi imodzi yaitali. Binwelo anali koyambirira, Lufeyo kumapeto.

Anayamba ndi mboni. Ana inu, tsiku la ngozi pamlatho paja panali anthu ochuluka kuposa nyerere, koma mu holo muja munapezeka kuti mudzi wonse unali ndi vuto la maso. Wina anati anaona fumbi lokha. Wina anati nthawi imeneyo n'kuti akuyetsemula. Bambo wina anati anaona bwinobwino kuti woyendetsayo anali ndi mutu. Atafunsidwa a Mulewa, dalaivala uja, anaimirira chipewa chili m'manja.

"Bwana, ine ndinali pansi pa mbendera. Chimene ndinaona ndi matako."

Anthu anaseka, a Thombozi mpaka misozi. A Nachisale sanaseke.

Kenako sajeni anatembenukira ku benchi. "Anyamata, ankayendetsa lole ndani?"

Binwelo anaimirira mosafulumira, anakonza kolala, anayang'ana holo yonse.

"Ndine."

Kamphindi komweko a Nachisale anadzutsa mutu. Koma wachiwiri anali ataimirira kale. "Ndine." Wachitatu, "Ndine." Mawu aja anayenda pa benchi ngati moto wa m'tchire, wina mokweza, wina akumwetulira, wina akuyang'ana kudenga. Panja ng'oma zinayamba kulira. Anaimirira onse, n'kutsala munthu mmodzi atakhala, mutu uli pakati pa mawondo.

A Nachisale ananyamuka pansi paja. Anayenda pang'onopang'ono, anadutsa anyamata onse osawayang'ana, n'kukaima pamaso pa mwana wawo.

"Enawa sindinawayamwitse," anatero. "Iwe ndiye ndikufunsa. Ankayendetsa ndani?"

Lufeyo anakweza maso. Anayang'ana mayi ake, anayang'ana mzere wa anzake, onse atamutembenukira. Binwelo anangoika dzanja pachifuwa pamene pali chizindikiro cha timu. Ng'oma panja zinaleka, poti nawonso ankamvetsera pamawindo. Lufeyo anaimirira, ndipo kutalika kwake konse kuja kunaoneka ngati kwamuchulukira.

"Ndine, amayi."

Sajeni anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu. "Mayi, mwamva nokha. Chiwongolero ndi chimodzi, ovomera ndi onsewa. Ine ndilibe mphamvu yosankha. Mukati ndimange, ndimanga onse, kuyambira uyo mpaka wanuyu, poti naye wavomera pamaso panu."

A Thombozi anatsokomola. "Ndipo mayi, tisabisane. Anyamatawa akagona m'chitokosi, Loweruka kulibe mpira. Kukapanda mpira kulibe timu, ndipo nyumba za timu mwini wake ndi esiteti. Ife sitikukakamizani. Mawu ndi anu."

Holo yonse inayang'ana mayi mmodzi. A Nachisale anayang'ana Binwelo, ndipo aliyense anaona kuti akudziwa. Binwelo nayenso anaona, koma sanaphethire n'komwe. Kenako anayang'ananso mwana wawo, amene misozi inali ikutsikira m'jezi. Anamasula chitenje, anachimanganso molimba.

"Asiyeni," anatero, n'kutuluka.

Panja kunabuka chimwemwe ngati agoletsa. Anthu anawapatukira a Nachisale kuti adutse, ena mpaka kuwaombera m'manja kuti ndi mayi womvetsa zinthu. Iwo anangoyenda. Lufeyo anawatsatira chapatali, ngati galu amene waba ndiwo, osayandikira, osabwerera.

Atafika kunyumba a Nachisale analowa m'khitchini. Pakona panali mkhate wawo waukulu, umene anautenga kwa mayi awo pokwatiwa, ndipo munali thobwa limene anakonza kuti akawapatse amuna awo kuchipatala. Pamlomo pa mkhatewo panakhala khoswe wonenepa, ndevu zili mbuu ndi thobwa, akupukuta kukamwa ndi timanja take. Sanathawe. Anangowayang'ana ngati iwo ndiwo alendo.

Lufeyo, amene anaima pakhomo, anaona mpata woti achiteko kanthu. Anatola chikuni.

"Patukani amayi, ndimuphe."

Anakweza mkono, koma mayi ake anaugwira m'mwamba momwemo.

"Ukamenya pamenepo afe ndani?" anafunsa. "Iye adumpha. Usweka ndi mkhate wanga, thobwa la abambo ako litayika. Wadziwa pokhala ameneyu." Anamulanda chikuni n'kuchiponya pansi, maso ali pa mwana wawo. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

Lufeyo anamva, ndipo anakhala pansi pakhomo pomwepo. Khoswe anamaliza kupukuta ndevu, anatsika mosafulumira, n'kulowa kuuna kwake. Mayi woyandikana nawo uja anali panja akuanula zovala, ndipo ndiye anawatola mawuwo n'kupita nawo kumjigo. Pofika Loweruka anali atafika kale kumsika.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti Mphenzi inagonja, Binwelo anathyoka mwendo, chilungamo chinabwera chokha. Ndikanakonda, poti ine kukometsa nkhani ndimatha. Koma apa pokha ndilibe pokometsera. Mphenzi inawina. Binwelo anagoletsa, Lufeyo anagwira penate, ndipo anthu anawanyamula onse awiri pamapewa kuzungulira bwalo. A Makwinja anamvera pa wailesi ya munthu wa bedi loyandikana nalo, ndipo anaomba m'manja. Anatuluka m'chipatala ndi ndodo ziwiri, n'kukhala pakhonde la nyumba ya malata ija mpaka tsiku lawo lomaliza. A Nachisale anapitiriza kumuphikira mwana wawo ndi kumuchapira jezi, koma sanadzamufunsenso funso lililonse, ngakhale loti wadzuka bwanji.

Ndiye mukamva akulu akuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, akunena za wolakwa amene watsamira pa chinthu chimene inu simungalole kuti chisweke: mwana wanu, banja lanu, denga lanu, kapena chimwemwe cha mudzi wonse. Mumamuona, mumamudziwa dzina, chikuni chili m'manja, koma mkono sutsika. Si kuti khosweyo ndi wamphamvu. Mkhate ndiwo ukumuteteza, ndipo iye amadziwa zimenezo asanakwerepo.

Anthu ambiri akamva mwambiwu amaganiza za womenya, kuti n'zomvetsa chisoni, ndipo n'zoona. Koma inu amene mukukula, mukuyamba kukhala ndi magulu anu, matimu anu, anzanu okukolekani mkono pakhosi n'kumakutchani amwene, muziganizanso za mkhate. Lufeyo ankayesa kuti ndi m'bale wa Binwelo, pamene Binwelo anangopeza pokhala. Mnzako akakupempha kuti umuyankhire mlandu wa magazi a munthu wina, yang'ana kaye paphewa pako, uone amene wakhalapo.